Beseni la Abwana Chona

Padangokhala. Amene muli nane nenani kuti tili tonse. Amene mukudya yambani mwamaliza, chifukwa nkhani iyi si yomvera pa mbale.

Padali Gologolo, bambo wa ana asanu, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa Adona Nyamalikiti. Tsiku lomulemba ntchito sanamufunse kwawo, sanamufunse kalata. Adona anangoweramitsa khosi, kuyang'ana mchira wake, n'kunena kuti, "Uyu ndiye wabwino, wabwera ndi tsache lake." Basi. Kuyambira pamenepo Gologolo ankasesa ndi mchira, kukolopa ndi mchira, kupukuta mipando ndi mchira womwewo. Chomwe ankapirira nacho zonsezi chinali kanyumba ka kuseri, kodontha mbali imodzi, momwe ankagona iye, mkazi wake Nankhoma ndi anawo. Kumudzi anachokako kalekale atayambana ndi abale pa nkhani ya munda, ndiye kwina kopita kunalibe.

Adona anali aatali, mutu kudenga. Za pansi sankaziona, ankazimva ndi phazi. Amuna awo anali akuluakulu a kuofesi, chaka chonse ali kumisonkhano. Mwana analibe, ndiye anaweta Chona, mphaka wa ubweya wotuwa ngati phulusa, n'kumamutcha "mwana wanga". Chona ankadya chambo chathunthu tsiku ndi tsiku, ana a Gologolo akungomva fungo. M'mawa uliwonse Gologolo ankamupesa ndi chipeso kuyambira m'khosi mpaka kumchira, kumuchotsa ubweya wothothoka, uku akumutchula kuti Abwana. Ndipo pakhonde panali beseni la mchenga, chimbudzi cha Abwanawo, loti Gologolo azitaya ndi kutsuka.

Ntchito yonyansa, koma yodziwika pomwe ili. Mavuto anayamba tsiku limene Chona analeka kupita kubeseni.

Adona akutuluka kuchipinda m'mawa, phazi linangoti phwatya! pa kapeti.

"Gologolo!"

"Wawa, Adona."

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi za Abwana, Adona."

"Ndakufunsa kuti n'za ndani? Ndikuti zikutani pano?"

"Kapena tiwafunse eni ake."

"Mwana wanga sachita zauve. Ngati wachitira pano ndiye kuti beseni silikumusangalatsa. Ndipo beseni ndi iwe."

Anatola timiyala titatu n'kutindandalika pawindo. "Ndikapondanso, kamwala kamodzi kachoka. Tikatha tonse, iwe, mkazi wako ndi timichira tako tisanu tija, mukapeze kwina kogona."

Gologolo anagwada, kuwola, kukolopa. Pogwira ntchitoyo anayamba kanyimbo kake. Kanali ka mizere iwiri yokha: woyamba unkafunsa kuti mtolo uwu mwini wake ndani, wachiwiri unkayankha kuti mwini ali mtulo, wosenza ndi wina. Ankayimba chapansipansi, akukoka mawu omaliza ngati munthu amene watopa ndi kusinja.

Anaganiza kuti mwina vuto ndi mchenga. Anapita kumtsinje, kukumba mchenga woyera, kuusefa ndi sefa ya ufa, kuuyanika, kuuyala m'beseni mosalala ngati bedi la mkwati. Chona anabwera, ananunkhiza, anamuyang'ana Gologolo kuyambira kumutu mpaka kumchira, n'kulowa kuchipinda. Adona anali ndi nsapato za kutchalitchi zinayi, pakuti miyendo ndi inayi. Chona anasankha yakutsogolo kumanja.

Lamulungu m'mawa: phwatya!

"Gologolo!"

Kamwala kamodzi kanauluka pawindo. Gologolo anatsuka nsapato akuyimba kanyimbo kaja, mzere wofunsa ndi mzere woyankha.

Nankhoma anati, "Bambo a ana, inu nzeru zanu n'zamchenga. Mphaka amaopa tsabola. Sinjani kambuzi muwaze m'makona monse, muone ngati akhale pansi."

Gologolo anasinja kambuzi, misozi ili chuchuchu. Anawaza kuseri kwa chitseko, pansi pa bedi, m'nsapato zitatu zotsala, m'makona monse. Chona anayendera makonawo limodzi ndi limodzi, n'kukachitira pakati penipeni pa balaza, pomwe panalibe tsabola. Adona atabwera anaweramira pakona kuti aone chofiiracho n'chiyani. Kuyetsemula kwa Nyamalikiti kumachedwa, kumayamba kwakwera khosi lonse. Koma kukafika! Anayetsemula, anadzandira chambuyo, maso osaona, mpaka phwatya!

"Gologolo!"

Kamwala kachiwiri kanapita. Ulendo uno kanyimbo kanatuluka kokhakokha m'mphuno, pakamwa pali potseka ndi ukali.

Madzulo ake Nankhoma anayamba kumanga miphika m'chitenje.

"Ukutani?"

"Ndikukonzekera. Kamwala katsala kamodzi, ndipo mphakayo amadya kawiri pa tsiku."

Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Gologolo anapita kwa mwini nkhani. Anamupeza Chona atadzitambasula pa khushoni, akunyambita dzanja.

"Abwana, ndifunse nawo. Beseni lija lakulakwirani chiyani?"

"Palibe."

"Mchenga?"

"Wabwino."

"Nanga bwanji?"

Chona anayasamula. "Iwe, ukundidziwa bwino ine? Amayi anga ndi mlongo wawo wa a Nyalugwe. Unamvapo kuti Nyalugwe wakhala pa beseni? Akuluakulu timasiya pomwe tafuna, kuti odutsa adziwe kuti pano pali mwini."

"Koma ana anga agona panja, Abwana."

"Ndiye ndidzimange m'mimba chifukwa iwe unabereka? Unalembedwa ntchito yowola. Wola."

Gologolo anawomba m'manja, n'kutuluka chafutambuyo. Ali pakhomo anamva tiphazi tikuthamanga kudenga, tsekeretsekere. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana mphaka, anayang'ana chipeso chili patebulo. Mchira wake unagwedera kamodzi.

Kudengako kunkakhala makoswe, ndipo tcheyamani wawo, a Khoswe, anali msuweni wake wa Gologolo. Chaka chapitacho Chona anadya mlamu wawo wa atcheyamani, osati ndi njala, kungosowa chochita. Gologolo anakwera.

"Taonani wafika kapolo wa mphaka," anatero a Khoswe. "Khala patali msuweni, mchira wako ukununkha ntchito."

"Iwe wakuba, ine ndimadya thukuta langa. Ndabwera ndi mtedza."

"Khala pafupi, msuweni."

Gologolo anafotokoza. Tsiku lililonse azimanga phukusi m'tsamba la nthochi, makoswe azitsitsa chingwe n'kulikoka. Ndipo iye akayimba mzere woyamba wa nyimbo yake, iwo aziyankha wachiwiri.

"M'phukusimo muzikhala chiyani?"

"Mphaka aziganiza kuti ndi manyi ake."

"Wapenga? Ife tikatani nawo?"

"Ndati aziganiza. Maphukusi azikhala awiri ofanana. La mtedza likwera, linalo ndikataya kudzala."

"Ukadzasokoneza, chibale chatha."

M'mawa mwake Gologolo anapesa Abwana monga mwa masiku onse, koma ndi kumsana kwa chipeso. Chona ankamva kukoma komweko, maso ali chitsinzinire, koma ubweya wothothoka unatsalira pathupi. Inali nyengo yotentha, ubweya ukuthothoka ngati udzu wouma. Chona anatha tsiku lonse akudzinyambita.

Kenako Gologolo anayamba kumulondola. Chona akalowa kuchipinda, iye pambuyo. Akapita kuseri kwa kabati, iye pambuyo, tsamba la nthochi lili m'manja. Atangomaliza Abwana kuseri kwa kabatiko, Gologolo anagwada, kuwomba m'manja katatu, kuwola mwaulemu ngati akutola ufa wa nsembe, kukulunga, kumanga ndi luzi. Anatembenuka pang'ono, kusinthanitsa ndi phukusi lomwe anabisa m'mchira, n'kuyimba mzere wofunsa uja. Kudenga kunayankha mawu ang'onoang'ono ambirimbiri. Koma makoswe sanaukoke mzere wawo motopa. Anauyimba mothamanga, mokondwa, akupondaponda ngati ali pa chinkhoswe. Chingwe chinatsika, phukusi linakwera.

Chona anangoyang'ana. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Tsiku lachitatu mtima unamukana.

"Iwe, bwanji masiku ano ukuwola ukusekerera?"

"Ntchito ikukoma, Abwana."

"Akukokawo ndani?"

"Anansi."

"Akatani nazo?"

"Ine sindifunsa, Abwana. Ndinalembedwa ntchito yowola."

Chona anatulutsa zikhadabo. "Ndati akatani nazo?"

Gologolo anayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona. "Mukukumbukira mlamu wawo wa atcheyamani? Wonenepa uja munadya chaka chatha? Abale ake anapita kwa sing'anga. Mitengo yonse yapezeka, chimasowa ndi chizimba. Ena amatapa dothi la pomwe munthu waponda, koma inu simuponda pansi, mumayenda pa kapeti. Ndiye sing'anga anati bola za m'mimba, ndiye zamphamvu zenizeni. Kale ankalephera, chifukwa za m'beseni zimasakanikirana ndi mchenga, mankhwala sagwira. Koma izi za pamtunda, zoyera bwino... akuti Mulungu akudalitseni."

Chona anaseka, koma kuseka kwake kunali kowonda. "Zachikale zimenezo. Ine wa kwa Nyalugwe ndingalodzedwe ndi khoswe?"

"N'zoona, Abwana. Amalume anu nawonso ankatero. Madontho ali thupi lonse aja mumati anabadwa nawo? Anyani anawatolera maphukusi asanu okha. Koma musadandaule, mwina sizigwira. Zikamagwira zimaoneka. Choyamba mchira umayamba kuyenda wokha."

Onse awiri anayang'ana mchira wa Chona. Nsonga yake inkapita uku, kubwera uku, kupita uku.

"Umatero kale umenewu!"

"Ndiye bwino, Abwana. Muuletse tione."

Chona anauyang'anitsitsa. Unaima. Atangochotsa maso, unayambanso. Anaupondereza ndi dzanja.

"Chachiwiri n'chiyani?"

"M'chifuwa mumalira ngati chigayo cha patali. Chachitatu ndiye sindinena, mungaleke kudya."

Masana Adona anabwera, kuweramitsa khosi, kumusisita mwana wawo pamsana ndi chibwano. Nthawi yomweyo chigayo chinalira m'chifuwa mwa Chona, gurrr, gurrr. Chona anadzidzimuka, kudumpha, kukabisala pansi pa mpando.

"Mwana wanga watani?"

"Kutentha, Adona," anatero Gologolo akupukuta tebulo.

Koma matama ndi matenda osamva mankhwala. Tsiku lachinayi Chona anati mumtima, ndichitire pobisika kapoloyu asaone. Anakwawira pansi pa bedi la Adona. Potuluka anapeza Gologolo ali chigwadire ndi tsamba lake. Tsiku limenelo Adona anali pafupi, ziboda zikumveka pakhonde, ndiye Gologolo anamanga mothamanga, kusinthanitsa mothamanga, kuyimba mothamanga. Phukusi linakwera. Linalo anakaliponya kudzala, ndipo pogwa linalira tsekete, ngati mtedza.

Gologolo anagwira pakamwa.

Kudenga kunabuka chipwirikiti. Ena akukhosomola, ena akulira, ana akuthawira kumakona, atcheyamani akutukwana mtundu wonse wa agologolo kuyambira kwa agogo. Mwayi wake, potukwana anali atatseka mphuno, mawu osamveka bwino.

Chona anatuzula maso. "Kukuchitika chiyani kumwambaku?"

"Ayamba kuphika, Abwana," anatero Gologolo. "Mwamva mphamvu yake? Ophika omwe akukomoka. Nanga mwini wake zidzamutani?"

Atatero anathamangira kudzala, kutola phukusi la mtedza, kuwonjezera lina, n'kukwera.

"Chibale chatha!" anakuwa a Khoswe, maso ali psuu.

"Maphukusi awiri, msuweni."

"Atatu. Mkazi wanga ndiye anamasula, ndi mano."

"Atatu. Koma mawa muyimbe ngati mwakhuta."

Tsiku lachisanu Chona anadzuka m'mimba muli lemu. Chambo anangochinyambita. Dzuwa lili pamutu anayamba kukoka khosi, khoo, khoo, msana ukupindika, mpaka analavula chimpira cha ubweya wotuwa, chachikulu ngati dzira la nkhunda. Chibadwire anali asanaonepo zotere, pakuti chibadwire ankapesedwa ndi mano a chipeso.

Gologolo anabwera, anachitembenuza ndi kamtengo, anavula chipewa.

"Alamu," anatero mwaulemu. "Mwabwerako?"

"Alamu ake ndani?"

"A atcheyamani. Taonani ubweya, wotuwa, wa khoswe weniweni. Chachitatu chija n'chimenechi, Abwana. Lero watuluka ubweya. Mawa mchira. Akamadzatuluka mutu, amatuluka akuluma."

"Ndikakunenera kwa Adona! Ndiwe wawapatsa!"

"Kaneneni. Andichotsa lero lomwe. Ndiye maphukusi anayi ali kudengawo akawalankhulire ndani? Inu mumakwera kudenga? Amakumverani?"

Mantha amatsegula m'mimba. Chona anamva kuti zafika, ndipo zafika mwachangu. Mwa chizolowezi anathamangira pakati pa kapeti, n'kunjuta. Gologolo anatulutsa tsamba la nthochi, n'kuyimba mzere wofunsa. Denga lonse linayankha, mokweza, ndi ng'oma za timiyendo, chingwe chikutsika pang'onopang'ono mpaka kulendewera pamphuno pa Chona. Kukhonde ziboda zinamveka, go, go, go. Adona akubwera, ndipo pawindo kamwala kali kamodzi. Gologolo anapitiriza kuyimba. Mphaka akanangomasuka pamenepo, tsamba silikanafika msanga kuposa phazi.

Chona anayang'ana chingwe. Anayang'ana tsamba. Anangoti phuthu! kudutsa pakati pa miyendo ya Adona, mpaka m'beseni. Anakumba ngati akufuna madzi. Atamaliza anakwirira, kununkhiza, kukwiriranso, kuyang'ana kudenga, kukwiriranso kachitatu, mchenga uli mbwee khonde lonse.

Adona anaweramitsa khosi mpaka pansi. "Ayi ayi ayi, taonani mwana wanga! Waukhondo ngati nesi! Ukuona, Gologolo? Wadziphunzira yekha. Iwe masabata onsewa umangowaza tsabola."

"Ndi anzeru Abwanawa, Adona."

"Sesa mchengawo."

Adona atachoka, Chona anamukodola Gologolo. Mawu anali atasintha.

"Achimwene."

Gologolo anacheuka kuti aone ngati kumbuyo kwake kuli wina.

"Achimwene, nanga zili kale kudenga zija?"

"N'zovuta, Abwana. Koma ndikagwada kwa asuweni anga. Kungoti mankhwala obweza ali ndi malamulo ake. Loyamba, beseni lokha, tsiku lililonse, mpaka imfa. Mukwirire ndi manja anu, musadalire ine. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako."

"Ndamva."

"Lachiwiri, za kudenga muzisiye. Ngakhale khoswe akudutseni pamphuno, inu yang'anani kumbali."

"Ndamva."

"Lachitatu ndi la chakudya. Alamu aja anakhala pakati pa mimba yanu, ndiye pakati pa nsomba musadyenso. Inu mutu basi. Pakatipo muzindisiyira, ndizikataya ndekha kutali."

"Mutu wokha?"

"Kapena tidikire mawa tione mchira."

"Mutu ndi wokoma," anatero Chona.

M'mawa mwake Gologolo anatembenuza chipeso, kumupesa ndi mano ake. Ubweya unachoka wodzaza manja awiri, ndipo kusanza kunaleka. Chona anati zoona mankhwala a achimwene ndi amphamvu. Mchira wokha ndi chigayo sizinaleke. Gologolo anati zimenezo ndi zotsalira, zongokumbutsa kuti sing'anga sanafe.

Patapita sabata Gologolo analimba mtima. "Adona, timiyala tiwiri tija sitingabwerere pawindo?"

"Chifukwa chiyani? Wachitapo chiyani iwe?"

Kamwala kanakhala kamodzi komweko. Adona sanakachotse, sanawonjezere, ndipo zikomo sanatuluke m'khosi lalitali lija. Mwina akadali m'njira, akukwera. Beseni linkadzaza kawiri pa tsiku, wosenza ndi yemwe uja. Achuma ndi choncho: mphaka akachita bwino ndi nzeru zake, akachita zauve ndi ulesi wako.

Koma Nankhoma anamasula miphika m'chitenje. Madzulo aliwonse Gologolo ankatuluka kukhitchini ndi phukusi la tsamba la nthochi, atalinyamulira kutali ndi mphuno, nkhope atakwinya. Adona akaliona ankatembenuza mutu.

"Fuu! Katayire kutali zimenezo!"

"Kutali kwambiri, Adona."

Kutali kwake kunali kuseri kwa nyumba. Kumeneko timichira tisanu tinkadikira titazungulira mbale, ndipo bambo awo akamamasula luzi, tinkayimba kanyimbo kaja. Wamkulu ankafunsa kuti mtolo mwini wake ndani, ang'onoang'ono n'kuyankha kuti mwini ali mtulo. Koma mawu omaliza, onena za wosenza, sankamveka bwino, chifukwa m'kamwa munali modzaza chambo.

Mpaka lero mphaka akadzithandiza amakumba, amakwirira, amanunkhiza, amayang'ana kudenga. Anthu amati ndi ukhondo. Ukhondo wa chiyani? Ndi mantha amenewo. Ndipo wanu akayamba kusiya pa kapeti, musathamangire kukalipira wantchito. Yambani mwamufunsa wantchitoyo, mwina ndi yekhayo m'nyumbamo amene amaona za pansi.

Yathera pompa. Mbatata ili pamoto kaphuleni nokha, ine ndikasambe m'manja.